Tepi ya Amayi

M'kabati ya pabalaza kwathu ku Dangamvura, kuseri kwa makapu amene timatulutsa pakabwera alendo okha, munkakhala kaseti ya vidiyo yakuda yopanda chikuto. Pamsana pake panali kapepala koyera kamene kanasanduka kachikasu, ndipo amayi analembapo ndi bolopeni zilembo zitatu: JIT. M'munsi mwake anawonjezera chenjezo m'Chishona, loti wina asayerekeze kujambulirapo china. Tonse tinkadziwa kuti chenjezolo linali la bambo, amene tsiku lina anafafaniza ukwati wa msuweni wawo pojambulirapo mpira.

Amayi anatisiya zaka zitatu zapitazo. Makina oonetsera kasetiyo anali atafa kale iwo asanayambe kudwala, ndipo kogula ena kunalibe. Kampani ya Funai ya ku Japan, yomwe inatsala yokha kupanga makina a VHS, inasiya ntchitoyo mu 2016. Choncho kasetiyo inangokhala m'kabatimo. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinaisuzumira pakagalasi kake, ndipo ndinaona timadontho toyera pa tepi, ngati ufa wothira pa nsalu yakuda. Inali nkhungu. Ku Mutare mvula ndi chinyezi chochokera kumapiri a Vumba sizisiya kanthu, kaya ndi nsapato, kaya ndi buku.

Kwa amene sanaionepo, Jit ndi filimu ya chikondi ndi nthabwala imene Michael Raeburn analemba ndi kutsogolera, ndipo inatuluka mu 1990. Mnyamata wina wotchedwa UK, yemwe anaseweredwa ndi Dominic Makuvachuma, akukhala ku Harare ndi malume ake oimba, omwe ndi Oliver Mtukudzi. UK wagwa m'chikondi ndi Sofi, yemwe ndi Sibongile Nene, koma Sofi ali kale ndi chibwenzi chandalama, chigawenga chotchedwa Johnson. Bambo a Sofi akutchula malowolo oti mnyamata wosauka sangawafikire: ndalama, ndi wailesi yaikulu yamtengo wapatali. UK akuthamanga uku ndi uko kufuna maganyu, ndipo paliponse akumutsatira Jukwa, mzimu wa gogo wina wokonda mowa, umene amauona ndi iye yekha. Nkhani yake ndi yomweyo. Chimene chimainyamula ndi nyimbo za jit, magitala othamanga aja amene a Bhundu Boys anakavinitsa nawo anthu ku Britain.

Kwathu filimuyi inali ngati mbiri ya banja. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nakagwira ntchito m'migodi ya golide ku Penhalonga, kenako n'kulowa ya njanji ku Umtali, dzina la mzinda uno lisanasinthe mu 1982. Bambo anabadwira ku Sakubva, ndipo nawo analowa ntchito ya njanji. Amayi anali Mmanyika wa ku Honde Valley. Mu 1990 iwo ankakhala kwa mkulu wawo ku Highfield, ndipo bambo ankakwera sitima ya usiku, makilomita oposa 260, kukangowaona. Tsiku lina anawatengera kukanema m'tauni, ndipo filimu imene inkaonetsedwa inali Jit. Bambo amati holo yonse inkaseka, koma iwo anasiya kuseka pamene bambo a Sofi anayamba kutchula malowolo, chifukwa anadziwa kuti nawo zikuwadikira.

Zinawadikiradi. Kwa Achewa a ku Dedza mwamuna amakalowa chikamwini: amamanga nyumba kwawo kwa mkazi, n'kumalima munda wa apongozi. Agogo sankamvetsa kuti munthu angatulutse ng'ombe chifukwa cha ukwati. Koma kwa Amanyika roora ndi roora. Pamafunika munyai wokulankhulira, rusambo, danga la ng'ombe, ndi mombe yeumai ya mayi wa mtsikana. Kuwonjezera apo panali funso la mtundu. Anthu ochokera ku Malawi kuno amatchedwa Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, ndipo silitchulidwa mwaulemu nthawi zonse. Achibale a amayi anafunsa mutupo wa mkamwini. Atamva kuti ndi Phiri, mkulu wina anati ameneyo ndi Soko, nyani, ndipo nkhani inayenda. Bambo anatha zaka zinayi akulipira. Amayi ankakonda kunena kuti wailesi yokha ndiyo anaiwala kuitanitsa.

Kaseti yathu sinali yogula m'sitolo. Cha m'ma 1996 amayi anabwereka filimuyi kumalo obwereketsa mavidiyo, n'kupita nayo kwa aneba amene anali ndi makina awo. Analumikiza makina awiriwo ndi chingwe, ena akuseweretsa, ena akujambula. Ine ndinakula ndikudziwa Jit ya pa tepi imeneyo, ya mitundu yosungunuka, malaya ofiira akudontha kupyola m'mphepete mwa thupi, pansi pa chithunzi pakunjenjemera kamzere, mawu akumveka limodzi ndi kaphokoso konga mvula yowaza pa malata. Tinkaionera pa Khirisimasi, pa tsiku la ukwati wawo, ndiponso tsiku lililonse limene amayi afuna kuwaputa bambo. Ikafika pamalo a malowolo paja, amayi ankaimitsa, n'kubweza, n'kuimitsanso pankhope ya UK. "Taonani nkhope ya bambo anu iyo," ankatero. Bambo ankanamizira kuwerenga nyuzipepala.

Tepi ya vidiyo ndi kalamba ka pulasitiki kopakidwa fumbi la maginito. Poseweretsa, kalambako kamakulunga ng'oma yachitsulo yozungulira mothamanga kwambiri. Ukaimitsa chithunzi, tepi imaima koma ng'omayo imapitiriza kuzungulira, ikupala malo amodzimodzi. Pofika chaka cha 2005, pamalo a malowolo paja panali patatha. Mizere yoyera inkang'anima chopingasa, nkhope ya UK inkaoneka n'kuzimiririka, mawu ankatsika ngati munthu akumira, kenako zonse n'kubwerera bwino. Mphindi imodzi ndi theka yokha, pa filimu yonse.

Nditaona nkhungu ija ndinachita mantha. Ndinafunsafunsa, ndipo anandilozera kwa mnyamata wina amene ali ndi kachipinda pamwamba pa sitolo ina m'tauni, kufupi ndi msewu wa Herbert Chitepo. Ntchito yake ndi kusamutsa matepi a maukwati ndi maliro kuwaika pa fulashi. M'kachipindamo munali makina a VHS asanu, ogwira ntchito awiri, enawo ochotsako zipangizo. Anatsegula kasetiyo ndi sikuludiraiva, napukuta tepi yonse pang'onopang'ono ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Anandiuza mosabisa, m'Chishona, kuti tepi yotere imatha kuduka kapena kusupuka, ndipo mwina ingolola kuseweredwa kamodzi kokha.

"Sisi, muvomere ndisanayambe," anatero. "Ikaduka musadzandide."

Ndinavomera ndisanawafunse bambo. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Sinaduke. Patapita masiku atatu anandipatsa fulashi yokhala ndi mafayilo awiri. Yoyamba inali tepi monga momwe inaliri. Yachiwiri anailemba kuti remastered, ndipo ankainyadira kwambiri. Anati anaidutsitsa m'pulogalamu ya kompyuta imene imachotsa zinyalala, kunola chithunzi, kuchikulitsa kuti chifike pa HD, ndi kutsuka mawu. Kompyuta yake inagwira ntchitoyo usiku uwiri, magetsi akuzimazima. Sanandilipiritse kanthu pa yachiwiriyo. Anati ndi mphatso ya mdhara.

Tinaionera Lamlungu madzulo titadya, ine, bambo ndi mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi zinayi. Ndinayamba ndi ya remastered. Chithunzi chitangotuluka bambo anasendera kutsogolo kwa mpando. Misewu ya Harare inali yowala, thambo labuluu, zikwangwani za masitolo zooneka m'mbali mwake mosongoka. Kamzere konjenjemera kaja kunalibe. Chinadzaza sikirini yonse popanda mizati yakuda m'mbali. Mdzukulu anati ikuoneka ngati ya pa foni.

Ine ndinayamba kuona zina. Kuti chithunzi cha TV yakale, chimene m'lifupi ndi 4 ndipo msinkhu ndi 3, chidzaze sikirini ya masiku ano ya 16 kwa 9, pamafunika kudula pamwamba ndi pansi, gawo limodzi mwa magawo anayi. Anthu ena mitu inali yometedwa pamphumi, ndipo ovina analibe mapazi. Nkhope zinali zosalala ngati zidole za m'sitolo ya zovala. Makwinya a Jukwa anasitidwa. Tsitsi la Sofi linasanduka chipewa chakuda chopanda ulusi ngakhale umodzi. Munthu akakhala patali, pulogalamuyo inkamupatsa maso ndi mano akeake, ndipo ankasintha munthuyo akatembenuka. Khungu la anthu onse linayera pang'ono, n'kuchita ngati lapakidwa mafuta. Zimenezi si zachilendo. Kwa zaka zambiri malo otsukira zithunzi ankalinganiza mitundu poyang'ana khadi la Kodak lokhala ndi nkhope ya mzimayi wachizungu, lotchedwa Shirley, ndipo khungu lakuda linkatuluka momwe lingatulukire. Makina amakono aphunzira nkhope kuchokera ku zithunzi zimene anawadyetsa, ndipo akakayika amabwerera ku zimene anazolowera.

Bambo sanadandaule ndi chilichonse mwa izi. Chimene chinawaimitsa ndi mawu. Mtukudzi atayamba kuimba, anakweza dzanja.

"Iwe Naphiri, taimitsa. Ameneyu ndani?"

"Ndi Tuku, bambo."

"Tuku wake uti? Ameneyu akuimbira m'chidebe."

Ananena zoona. Pa kaseti yojambulidwa ndi makina wamba, mawu amakhala pa kanjira kopyapyala m'mphepete mwa tepi, ndipo amabwera ndi mluzu wosalekeza. Pulogalamu yotsuka imamvetsera mluzuwo n'kuchotsa chilichonse chofanana nawo. Vuto ndi loti zinthu zambiri zabwino zimafanana nawo: kuwaza kwa hosho, tizitsulo ta pa ng'oma, kukhudza kwa chala pa nsambo ya gitala, mpweya wa munthu asanatulutse liwu. Mawu a Mtukudzi anali osasa, okhala ndi mchenga mkati, ndipo aliyense wa kuno amawadziwa ngakhale ali kutulo. Pulogalamuyo inayesa mchengawo zinyalala. Chimene chinatsala ndi mawu osalala, ozungulira, onjenjemera ngati akuchokera pansi pa madzi. Magitala anali pomwepo koma sankakuyabwa m'miyendo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinamva kukoma mumtima, ndivomereze. Ndinali nditakonzeka kale kudana ndi fayilo imeneyi, ndipo ndinayesa bambo ali mbali yanga. Ndinaika fayilo yoyamba ija, n'kunena kuti iyi ndiye Jit yeniyeni. Mitundu yosungunuka inabwerera, mluzu unabwerera, ndipo Tuku anabwerera ndi mchenga wake. Bambo anamvetsera, akugwedeza mutu. Kenako anavula magalasi awo n'kuwapukuta, n'kuvalanso.

"Mawuwo ndi omwewo. Koma usamati yeniyeni. Ife ndi mayi ako sitinaone chifunga chimenechi. Kukanema kuja nkhope ya Sofi inali yaikulu ngati khoma la nyumba ino, ukuona ndi thukuta lomwe. Utsiwu waukonda ndiwe, chifukwa unabadwiramo."

Anawonjezera kuti maso awo atha, ndipo pa fayilo ya tepiyo sakusiyanitsa UK ndi Johnson. Pa inayo anawazindikira onse.

Ndinakhala chete. Kwa zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndikudziwa filimuyi, pamene ndinkadziwa mthunzi wa mthunzi wake. Kaseti ya VHS imasunga tsatanetsatane wochepa kwambiri, pafupifupi mizere 240 kuyeza chopingasa, ndipo mitundu imaisunga mochepera apo. Kukopera kuchoka pa tepi kupita pa inzake kumataya zinanso. TV ya PAL imene tinkagwiritsa ntchito kuno inali ndi mizere yooneka 576 kutsika pansi, HD ili ndi 1080, ndipo 4K ili ndi 2160. Palinso china. Mafilimu a m'makanema nthawi zambiri amayenda pa zithunzi 24 pa sekondi, pamene PAL imayenda pa 25, ndiye ambiri akamaikidwa pa vidiyo amathamanga pang'ono, ndi 4 pa 100 aliyense, mawu n'kukwera pang'ono. Thukuta limene bambo analiona mu 1990 silinalowepo m'kabati yathu. Pulogalamu ya mnyamata uja sikanalibweza, popeza pa tepi panalibe. Inkangopeka.

Kukonzanso filimu kwenikweni kumayambira kwina. Akatswiri amafunafuna negetivu, kalamba kenikeni kamene kanali m'kamera, ndi matepi oyamba a mawu. Amakatsuka, kusoka pong'ambika, ndi kujambula kachithunzi kalikonse pakokha ndi makina amphamvu. Amachotsa fumbi ndi mikwingwirima, koma amasiya timchenga ta filimu, chifukwa chithunzicho chinapangidwa ndi timchenga timeneto. Mitundu amailinganiza pofunsa amene anajambula ngati alipo, kapena poyerekeza ndi kope lakale losungidwa bwino. Ndi ntchito ya miyezi, ndipo imadya ndalama zambiri. Touki Bouki, filimu ya Djibril Diop Mambéty wa ku Senegal ya mu 1973, inakonzedwa motere mu 2008 ku Bologna, m'dziko la Italy. Mu 2017 bungwe la Martin Scorsese la The Film Foundation, UNESCO, bungwe la opanga mafilimu a mu Africa la FEPACI ndi Cineteca di Bologna anagwirizana kufufuza ndi kukonzanso mafilimu 50 a mu Africa. Anayamba ndi Soleil Ô ya Med Hondo, ndipo Sambizanga ya Sarah Maldoror, yonena za Angola, inatsatira pambuyo.

Makumi asanu, pa kontinenti yonse. Nthawi nayo siidikira. Filimu yakale ikasungidwa potentha ndi ponyowa imayamba kununkha viniga, kenako imakwinyika mpaka kulephera kulowa m'makina. Ku National Archives of Zimbabwe ku Harare kuli mafilimu a Central African Film Unit, bungwe limene kuyambira 1948 mpaka 1963 linkapanga makanema oonetsa anthu a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Anali a boma la atsamunda, ndipo cholinga chawo chinali kutiphunzitsa kumvera, komabe muli nkhope za anthu a msinkhu wa agogo anga, zovala zawo ndi mayendedwe awo. Mu 2020 tinasangalala Cook Off ya Tomas Brickhill, nayonso ya chikondi ndi nthabwala, itakhala filimu yoyamba ya ku Zimbabwe kulowa pa Netflix. Koma mwana woionera pa foni ayenera kukhala ndi poonera bwino Jit, Neria ndi Yellow Card, kuti adziwe kuti kuseka kumeneku kuli ndi makolo ake. Filimu zoseketsa zimachedwa kupulumutsidwa, chifukwa anthu amaziyesa zopepuka. Kwathu filimu yoseketsa ndi imene inaperekeza ukwati kwa zaka zoposa makumi atatu.

Sindimuimba mlandu mnyamata uja. Iye ndi amene anapulumutsa tepi yathu, ndipo m'kachipinda kake mukudutsa maukwati ndi maliro a theka la Sakubva. Cholakwa chakecho inenso ndimachichita. Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo kangapo ndapatsidwa mawu a gogo wina ojambulidwa kumudzi, odzaza ndi kubwereza, kukhosomola, Chichewa chosakaniza ndi Chishona monga timalankhulira kuno. Dzanja limayabwa kuti ndiwongole, ndichotse zobwerezazo, ndipo pamene sipakumveka ndiikepo mawu ooneka oyenera. Zikatuluka zimawerengeka bwino, koma gogo uja mulibemo. Usiku umenewo ndinazindikiranso mbali inayo, kuti kusiya zonse zili mbuu n'kumati ndi kukhulupirika nakonso kumatsekera kunja munthu amene maso ake atha.

Tinapitiriza kuonera fayilo ya tepi, bambo akutsinzinira. Ndinali nditaiwala zimene zikubwera. Bambo a Sofi atangokhala pansi kuti atchule malowolo, mizere yoyera inayamba kung'anima, nkhope ya UK inazimiririka, mawu anamira. Mdzukulu anati yawonongeka, tiike ina ija. Bambo sanayankhe. Anayang'ana mizereyo mpaka inatha, ndipo chithunzi chitabwerera anandiuza kuti ndibweze. Ndinabweza. Anaionanso.

"Apa mpamene ankaimitsa," anatero.

Pambuyo pake, iwo atapita kukagona, ndinatsegula fayilo ya remastered pamalo omwewo. Pulogalamu ija inali itachita khama. Mizere yambiri inaichotsa, ndipo pamene nkhope ya UK inasowa inaumbapo ina, ya mnyamata wosalala wa maso akutali, amene sindinamuonepo. Munthu wosadziwa sakanazindikira kuti panali bala. Zala za amayi pa batani lija, zaka khumi za kuwaputa bambo, zonse zinali zitatsukidwa.

M'mawa mwake bambo anali atagamula kale. Anandituma kuti ndibwerere kwa mnyamatayo ndi mawu atatu. Chithunzi achiwalitse ndi kuchikhazika kuti chisanjenjemere, koma asadule mitu ndi mapazi, ndipo nkhope azisiye ndi makwinya ake. Mawu asawakhudze n'komwe. Ndipo mphindi imodzi ndi theka ija aisiye monga momwe ilili. Mnyamatayo anaseka pomva lachitatulo, nati ndi koyamba kuti munthu amulipire kuti asakonze. Nditamufotokozera anasiya kuseka. Anati agogo ake aakazi nawo anali a ku Malawi, a ku Mulanje, koma iye Chichewa amangomva moni yekha.

Fayilo yachitatuyo ndi imene timaonera tsopano. Ndaikopera pa mafulashi awiri ndi pa kompyuta, ndipo imodzi ndinatumiza kwa mchimwene wanga ku Johannesburg. Ikadzatuluka Jit yochokera ku negetivu, ya thukuta looneka ndi magitala omveka nsambo iliyonse, ndidzakhala woyamba kuigula, ndipo ndikupemphera kuti bambo adzakhale akuonabe. Kasetiyo ndinaibwezera m'kabati, kuseri kwa makapu a alendo, m'kathumba kotseka bwino kokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Mnyamata uja anati isadzaseweredwenso. Bambo anati palibe kanthu, bola kapepala ka pamsana kasamatuke.